Masamba pa Njira ya ku Southport

Lamlungu masana

Ndikulemba nditagona chafufumimba chifukwa kukhala pansi sindingathe. Kutchalitchi m'mawa uno ndaimba nyimbo zonse nditaimirira, ngakhale zija anthu amaimba atakhala, mpaka mayi ena andiyamikira kuti ndine mwana wodzipereka pa zauzimu. Sindinawauze kuti chimene chandiphunzitsa kupembedza kotereku ndi chishalo cha njinga.

Dzulo tinapita ku Southport panjinga zakapalasa, ine, adadi ndi Ankolo Tembo. Ku Southport kumapita sitima. Ndikufuna ndiyambe ndalemba zimenezi, kope langa, kuti ndikadzakula ndidzakumbukire kuti sitima inalipo, ya mipando yofewa, ife n'kuiona ndi maso athu, n'kusankha kuvutika.

Nzeru imeneyi inali ya amami. Papita miyezi iwiri chimwalirireni bambo aakulu, achimwene awo a adadi, ku Balaka. Anali a kabaza moyo wawo wonse. Ndi iwo amene anaphunzitsa adadi kupalasa, ndipo patchuthi ankawabwereka njinga yawo kuti apeze ndalama za sukulu. Anatisiya Lachiwiri, Lachitatu n'kuikidwa. Kwathu maliro sadikira ndege. Adadi anaonera mwambo wonse pafoni, m'kachipinda kopumira kuntchito kwawo, kunyumba yosamalira okalamba. Utatha anabwerera kukadyetsa agogo ena phala.

Chiyambire tsiku limenelo, adadi atsala ndi mawu anayi: ee, ayi, zikomo, ndi shifiti. Sanalire. Anthu a kutchalitchi atabwera kudzapepesa, iwo ndi amene ankawathirira tiyi ngati maliro agwa kwa eni. Munthu amene kale ankakangana ndi muulutsi wa zanyengo pa TV, kumuuza kuti akunama, tsopano amadya akuyang'ana mbale. Kwa amayi aakulu, namfedwa, sanaimbeko foni n'kamodzi komwe.

Lachisanu amami anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Mawa upita nawo adadi ako. Ndalankhula kale ndi a Tembo."

"Kuti?"

"Kunyanja, panjinga. Bambo akowo anakulira panjinga, mwina ikawagwedeza zituluka."

"Zituluka chiyani?"

"Zimene ameza. Iwe ntchito yako ndi imodzi, Tiya. Uwalankhulitse. Akabwera ali chimodzimodzi, ine sindikudziwanso kuti..."

Sanamalize. Anayamba kupukuta mbale youma kale.

Taona nzeru za makolo. M'dziko lonse la England, ndi anthu ake onse a pakamwa, anasankha ine. Ine amene aphunzitsi amalemba chaka ndi chaka kuti Tiyamike ndi wanzeru koma mawu ake sitinawamvepo. Zaka zitatu ku Liverpool, ndikamagula buledi ndimakaima pamzere wa makina odzilipirira wekha kuti ndisapatsane moni ndi munthu. Anatuma wosalankhula kuti akalankhulitse wosalankhula mnzake.

Ankolo Tembo anafika dzuwa litangotuluka, kapena nthawi imene likanatuluka tikanakhala kudziko lina. Kwawo ndi ku Chipata, ku Zambia, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi adadi. Anavala zovala zothina zonyezimira, ngati munthu amene amulowetsa m'chubu n'kumupopa. Amami anangoyang'ana kudenga powapatsa moni. Njinga yawo inali yoonda ngati yadwalapo, ndipo ankainyamula ndi zala ziwiri kuti tione.

"Ba Makwinja, imwe muyenda so?" anafunsa ataona adadi atapisira miyendo ya thalauza m'masokosi. "Na thalauzi ya ku tchalitchi? Apa ni sayansi, bakulu. Munthu ukavala monga ine, mphepo siikugwira."

"Ee," anatero adadi.

Njinga ya adadi ndi yakuda, yolemera, yogula kwa munthu wina atatopa nayo, ndipo ili ndi kaliyala. Pakaliyalapo anamangirira chikwama cha mandasi, mazira owiritsa ndi fulasiki ya tiyi, pogwiritsa ntchito malamba odula ku chubu chakale. Ine anandibwerekera ya Natasha, mwana wa Ankolo, imene mwini wake anaisiya ali ndi zaka khumi. Ndi ya pinki. Mawondo amandifika pachibwano. Belu lake limalira lokha njinga ikangoponda kamwala. Munthu wamanyazi, njinga yodzilengeza yokha.

Chinanso. Liverpool ndi mzinda wa m'mbali mwa madzi. Ukakwera basi pakhomo pathu, usanamalize n'komwe kudya nthochi, wafika pamene madzi akuoneka. Koma Ankolo anati madzi a pafupi sakoma.

Tinalowa m'njira ya njinga cha ku Broadgreen. Kale munkadutsa sitima, kenako anazula njanji n'kuthira phula kuti muziyenda anthu ofuna kutopa popanda chifukwa. Mulibe magalimoto, muli mitengo mbali zonse ndi agalu ovala majekete abwino kuposa langa. Ankolo anali patsogolo, akutiuza zimene wotchi yawo ikunena za mtima wawo. Adadi pakati, msana uli chilili, akupalasa pang'onopang'ono ngati anyamula mayi woyembekezera. Ine kumbuyo, ngiringiri, ngiringiri.

Ndinakonzekera mawu anga oyamba kuchokera kunyumba. Ndinawayeseza mumtima mpaka ku Knotty Ash. Kenako ndinalimbikira kupalasa, n'kufika pambali pawo.

"Adadi, lero kunja kwacha bwino."

"Ee."

Pomwepo mvula inayamba.

Tinausa pansi pa mlatho cha ku West Derby, pamene njira imadutsa pakati pa makoma a miyala yofiira. Mlathowo unkadontha, kotero kusiyana kwake kunali kwakuti panja umanyowa thupi lonse, pamlatho umasankha pamene ukufuna kunyowa. Ankolo anatulutsa foni.

"Foni ikamba ati kulibe mvula lelo."

Tinaima pamenepo nthawi yaitali, kudikira kuti mvula imve zimene foni ikunena. Ankolo ankanjenjemera m'zovala zawo za sayansi. Adadi anamasula chikwama, kuwathirira tiyi, n'kumanganso. Ine ndinaganiza funso lachiwiri, lakuti kodi ku Balaka mvula ikawapeza panjira ankatani, koma nditaliyeza ndinaona kuti m'kati mwake muli bambo aakulu, ndiye ndinalimeza. Ndiwo unali ulendo wathu mpaka pamenepo, anthu awiri akumeza, mmodzi akulankhula ndi foni.

Mvula itatopa yokha tinafika ku Aintree, kumene njira yabwino ija imangokusiya pakati pa misewu ndi masitolo popanda kutsanzika. Foni ya Ankolo inatitsogolera molimba mtima mpaka pamalo oimikapo magalimoto a sitolo ina yaikulu. Tinazungulira kawiri. Ulendo wachiwiri bambo wosonkhanitsa matirole anatibayibitsa ngati abale ake. Kufunsa njira kunali kosatheka. Ankolo safunsa chifukwa amadziwa, adadi salankhula, ine ndine ine. Pamapeto pake adadi anangoyang'ana pansi, n'kuona matope osiyidwa ndi matayala a njinga zina, n'kuwatsata. Matopewo anatifikitsa pa ngalande yamadzi mmene mumayenda maboti aatali oonda.

"Ndiye kumene ninali kubwera kuno," anatero Ankolo.

M'mbali mwa ngalande njira ndi yopapatiza, ndipo belu langa linalira osapuma, mpaka abakha anayamba kundipatsa njira ndisanafike. Tikuyandikira ku Maghull tinangomva psuu. Tayala lakutsogolo la njinga ya sayansi linali litaphwa.

Ankolo anatsika, kuliyang'ana, kulikanikiza ndi chala, n'kuliyang'ananso, ngati lichita manyazi n'kudzipopa lokha.

"Chubu china muli nacho, ankolo?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, chubu inangu ilemetsa njinga."

Adadi anatsika panjinga yawo. Anaigadabuza njingayo, kutenga supuni ya tiyi m'chikwama, n'kutsegula tayala ndi chogwirira chake. Anapopa chubu pang'ono, kuchiviika m'ngalande, n'kuyang'ana pamene pakutuluka thovu. Zigamba panalibe. Anadula kalamba kakang'ono ku mphira ya pakaliyala, kupinda pobowokapo, n'kumanga zolimba ndi mano ndi zala. Manja awo ankadziwa okha chochita. Ndinali ndisanawaonepo akufulumira chotero miyezi iwiri yonseyi.

"Ah, munaphunzila kuti ivi, ba Makwinja?"

Manja aja anaima.

"Kwathu."

Ndinaona kuti khomo latseguka pang'ono, ndipo ndinalowa ndi nsapato zomwe.

"Ndi bambo aakulu anakuphunzitsani?"

Adadi anabwezera chubu m'tayala.

"Patse pampu."

Ndinawapatsa. Ndinkafuna nditalowa m'ngalandemo n'kukhala ndi abakha. Tinadya mandasi titaimirira, aliyense akuyang'ana kwake. Ponyamuka, njinga ya Ankolo inkayenda modumpha chifukwa cha mfundo ija, tayala likazungulira n'kuwanyamula pang'ono, moti kuchokera kumbuyo ankaoneka ngati akuvomereza chilichonse chimene dziko likunena.

Kupitirira Maghull nyumba zimatha. Njira imalowa m'minda ya kabichi ndi mbatata, dziko lili see, mphepo ikukumenya pamaso. Mphepoyo inawagwira ndithu Ankolo, sindikudziwa kuti sayansi inali itatsalira pati. Anabwerera m'mbuyo, adadi n'kukhala patsogolo. Ine ndinali nditasiya kale ntchito imene ndinapatsidwa. Ndinkangoyeseza zokawauza amami: ndayesa, analankhula mawu atsopano atatu, limodzi mwa iwo ndi pampu.

Kenako adadi anamanga mabuleki.

Pakati panjira panali nthambi zamasamba aawisi, zongodulidwa kumene, zitayalana kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Adadi anatsika. Anavula helemeti n'kuikoleka pahandulo. Anadutsitsa njinga pamasambawo mosamala, n'kuyamba kukankha, mutu ataweramitsa.

Ankolo anatsala pang'ono kuwagunda. Anaseka.

"Ba Makwinja, apa ni England. Ni banthu chabe badula mitengo. Kulibe maliro."

Adadi sanatembenuke.

Ine ndinakumbukira ndili wamng'ono ku Balaka, nditakhala pakaliyala ya bambo aakulu, miyendo ili tang'a kuopa masipoko. Tikapeza masamba pamsewu ankanditsitsa, kuvula chipewa n'kuchipisa m'thumba, n'kundiuza kuti usaseke, pano pali zovuta. Tinkayenda pansi, zii, mpaka titapeza masamba achiwiri, osonyeza kuti mudzi wa maliro tautha. Pamenepo ndiye ankavalanso chipewa, n'kundikweza.

Ndinatsika nanenso. Ndinavula helemeti. Belu ndinaligwira ndi dzanja kuti litseke pakamwa.

"Adadi," ndinatero, "angodula mpanda."

Sanayankhe ngakhale ee.

Ankolo anapalasa pang'onopang'ono pambali pathu, akutiyang'ana ngati tonse tazungulira mutu. Kenako anawasuzumira adadi kumaso, ndipo kuseka kunatha. Anatsika. Vuto linali lakuti nsapato zawo zopalasira zili ndi zitsulo kunsi, sanazipange kuti munthu aziyendera. Ankayenda kwa, kwa, kwa, ngati mbuzi pasimenti. Koma anavula helemeti, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni iwo, anakhala chete.

Tinayenda. Tinayendabe. Anthu apanjinga ankatidutsa, ena n'kuchepetsa liwiro kufunsa ngati tikufuna pampu. Ankolo ankangokweza dzanja. Tinapitiriridwa ndi agogo ena aakazi oyenda ndi ndodo ziwiri, amene anatipatsa moni wachisoni, ngati akuti limbikirani ana anga, nane ndinayamba choncho. Anthu atatu, njinga zitatu zabwinobwino, tikuzikankha pakati pa kabichi, titavula zipewa kulemekeza nthambi zimene zinagwa kwa munthu wina.

Ndikanaseka, koma ndinawaona adadi kumaso. Milomo inkagwedezeka popanda mawu. Masaya anali atanyowa, mvula itatha kalekale. Anagwira mahandulo mpaka misempha kutuluka. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti asadziwe kuti ndaona.

Apa ndi pamene ndinazindikira vuto lathu. Kwathu oika masamba amaika pawiri. Kuno wodula mitengo uja anangogwetsa pamodzi n'kumapita. Panalibe aliyense m'dziko lino amene ankadziwa kuti watsegula maliro, ndiye panalibenso woti awatseke. Ndipo adadi sakanakwera okha. Munthu sukwera njinga pakati pa mudzi wa maliro chifukwa chakuti miyendo yatopa.

Ankolo anandiyandikira, kwa, kwa.

"Mwana wanga," ananong'ona, "batate bako bazayenda so mpaka ku Scotland. Na ine mapazi yasila. Manje tichite bwanji?"

Ndinawapatsa njinga yanga kuti akankhe ziwiri. Kukwera sindikanatha, ndinali m'kati mwa masamba nanenso. Ndinangoyenda mwachangu, kuwadutsa adadi, mpaka njira itakhota, kenako ndinathamanga.

Ndinkafuna ndithyole nthambi ndekha, popanda kulankhula ndi munthu, monga ndimachitira zinthu zonse. Koma mpanda wa pamenepo ndi wa minga yokhayokha, ndipo pansi pake pali zomera zija zoyabwa ngati chitedze. Ndinayesa kamodzi, dzanja n'kutuluka magazi. Kutsogolo pang'ono kunali bambo wachizungu, wachikulire, atavala jekete lachikasu, akudulira mpanda ndi sizasi yaikulu. Pambali pake panali wilibala yodzaza nthambi.

Ndinaima kumbuyo kwake. Ndinaima ndithu. Mtima unkagunda moti wotchi ya Ankolo ikanaphulika. Ndinayembekeza kuti mwina nthambi zidzitsitsa zokha, kapena bamboyo akomoka pang'ono n'kudzuka nditapita. Anatembenuka.

"Zili bwino, mwana?" anafunsa m'Chingerezi chawo cha kuno chija, chomveka ngati munthu akuchotsa munga wa nsomba pakhosi.

"Ndikupempha nthambi."

"Nthambi? Uli ndi mbuzi kunyumba?"

Ndinapukusa mutu. Kenako ndinafotokoza. Ndinalankhula ndikuyang'ana tayala la wilibala, ndikuyambira pakati n'kubwerera koyamba. Ndinamuuza kuti kwathu pakagwa maliro amaika masamba pamsewu, wapanjinga amatsika n'kuvula chipewa, ndipo sakweranso mpaka atapeza masamba ena. Ndinamuuza kuti bambo anga atsika kumbuyoku. Zaka zitatu sindinalankhulepo Chingerezi chochuluka chotero kwa munthu wosamudziwa. Aphunzitsi anga akanakhalapo akanaimitsa sukulu.

Bamboyo anatsitsa sizasi.

"Zija ndagwetsa ndine. Ndimati ndibwerera kukatola. Wamwalira ndani?"

"Akulu awo a bambo anga."

"Liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Kutali. Iwo sanapite."

Anakanda kuseri kwa khutu. Anayang'ana kumene ndinachokera. Kenako ananyamula wilibala n'kuikhuthula pakati panjira.

"Umayala bwanji? Chonchi?"

Tinayala awiri, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Iye ankasankha zamasamba ambiri, zaminga n'kumaponya pambali. Titamaliza anaima m'mphepete, n'kuvula kapusi yake.

"Akadutsa tichotse msanga," anatero motsitsa mawu. "Wina akagwa pano, wokalemba mafomu ndine."

Kuno ngakhale chisoni chimafunika kusesa chikatha.

Adadi anatulukira pokhota paja, Ankolo akutsimphina kumbuyo ndi njinga ziwiri, ya pinki ikuimba. Atafika pamasamba adadi anaima. Anayang'ana masamba, kuyang'ana mzungu wovula kapusi, kenako kuyang'ana dzanja langa. Ine ndinalibisa kumbuyo. Anadutsitsa njinga pang'onopang'ono, n'kuima tsidya linalo. Anaitsamiritsa pantchafu, n'kuombera bambo uja m'manja kawiri, mofatsa, atawerama. Bamboyo sanadziwe kuti amayankha bwanji, ndiye anaomberanso.

Adadi anatulutsa kampango n'kupukuta kumaso.

"Ndinadziwa nditangoponda pansi kuti si maliro," anatero. Sankayang'ana ine kapena Ankolo, ankayang'ana kaliyala. "Miyendo inatsika yokha. Koma nditatsika, kukwera kunandikanika."

Anapinda kampango kaja, n'kupitiriza.

"Vidiyo ija unaiona, Tiya? Anthu onse a pasiteji ya kabaza anakankha njinga kumbuyo kwa bokosi, kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Ngakhale aja ankalimbirana nawo makasitomala. Ine amene achimwene ananditenga pakaliyala kukalemba mayeso, mvula ikugwa, iwo atandifunditsa jekete lawo, ndinali nditakhala pampando, foni m'manja, magolovesi osavula n'komwe. Aliyense anatsika. Ine ndekha sindinatsike."

"Mwatsika lelo, bakulu," anatero Ankolo.

Adadi anagwedeza mutu. Anatenga dzanja langa lija n'kulimanga ndi kampango konyowa kale. Sindinadandaule.

"Komatu kwathu oika masamba ndi amuna," anatero.

"Amunawo anali otanganidwa," ndinayankha.

Sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji. Zoterezi ndimangolemba muno, sindizinena. Adadi anaseka, kuseka kwakufupi, kenako kusekako kunathyoka pakati, n'kulira kwenikweni, kwa mawu, atagwira chishalo. Ankolo anawagwira paphewa. Ine ndi bambo wa jekete lachikasu tinatola nthambi, tikuchedwa dala, mpaka wilibala itadzazanso.

Walira mvula walira matope. Titakwera, adadi anayamba kulankhula, ndipo sanasiye. Anatiuza za tsiku limene bambo aakulu ananyamula mbuzi ziwiri ndi mwini wake panjinga imodzi, mbuzi n'kufika bwinobwino, mwini wake n'kugwa panjira osadziwika. Anatiuza za mkwatibwi amene anamufikitsa kutchalitchi galimoto yaukwati itafera pa Liwawadzi. Anatiuza mmene ankawakwapulira akasiya njinga padzuwa. Ndinamva dzina la munthu aliyense amene anakwerapo pakaliyala imeneyo, ndi kulemera kwake. Mphepo inkatenga theka la mawu, koma otsalawo anali okwanira mudzi.

Tikuyandikira ku Ainsdale, mfundo ya pachubu ija inagonja. Adadi anayang'ana tayala, n'kunena kuti ili ndiye lapita. Anamasula chikwama n'kundipatsa kuti ndibereke. Anapinda jekete lawo n'kuliyala pakaliyala, n'kumenyapo kawiri ndi chikhatho.

"Kwerani, bwana."

"Ine? Ba Makwinja, banthu bazaniona."

"Akuonani kale ndi zovalazo. Kwerani, musagwedezeke, miyendo kutali ndi masipoko."

Umu ndi mmene tinalowera mu Southport: adadi akupalasa msana uli chilili, Ankolo ali pakaliyala, njinga yawo ya zala ziwiri ataikoleka paphewa, ine kumbuyo ndikulengeza ndi belu. Pamenepo ndinavomereza kuti kupepuka kwa njinga ija kuli ndi ntchito.

Nyanja sitinaipeze. Inali itachokapo, monga zimachitira nyanja za kuno, kuphwa n'kudzabwereranso. Tinaima pakhoma tikuyang'ana mchenga, mchenga, mpaka kumene maso amathera, ndipo kutali kwambiri kunali kamzere kotuwa kamene Ankolo analumbira kuti ndi madzi. Anatulutsa foni n'kunena kuti imabwera madzulo.

"Isiyeni," anatero adadi. "Mwina ili pa shifiti."

Tinadya mazira otsala n'kukakwera sitima. Mipando yake ndi yofewa, monga ndinanenera, koma ine ndinaimirira.

Titafika kunyumba amami anatsegula chitseko, maso ali pa ine, kudutsa paphewa la adadi. Ndisanagwedeze mutu n'komwe, adadi anali atayamba kale.

"Amake Tiya, a Tembowa lero akwera kabaza. Muwafunse ngati analipira."

Amami anagwira felemu ya chitseko. Anati akuika madzi a tiyi, n'kundikokera kukhitchini.

"Unawauza chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye alankhula bwanji?"

"Ndinalankhula ndi mzungu."

"Iwe?"

"Wosamudziwa. Nthawi yaitali."

Anandigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi. Kenako anaona kampango padzanja, n'kuyamba kundikalipira chifukwa chomanga bala ndi nsalu yakuda, akulira, akufunafuna mankhwala m'kabati ya shuga.

Tsopano ndi Lamlungu masana. Titangochokera kutchalitchi adadi atenga foni n'kuimbira amayi aakulu ku Balaka. Ola latha. Akulankhula mokuwa monga kale, ngati foni ndi chitini cha ulusi ndipo Balaka imva bwino akakweza mawu. Alira, aseka, afunsa kuti njinga ija ili kwa ndani, ndipo akuti asaisiye padzuwa. Miyezi iwiri m'nyumba muno munali zii, munthu umatha kulemba mwamtendere. Lero chiganizo chimodzi ndikuchiyamba katatu.

Chitseko ndachisiya chotsegula.